Swichi Ili Kumutu kwa Apongozi

Aphungu,

Ndiyambe ndi manyazi anga kuti zinazo zisavute kunena. Lolemba lapitali ndinagona m'kalasi. Sikunali kuwodzera kwaulemu kuja kogwedeza mutu ngati ukuvomereza ulaliki, ayi. Kunali kugona kwenikweni, kukamwa kuli yasa. Ndine mphunzitsi wa Sitandade 6, ndipo phunziro la tsikulo, musaseke, linali la chomwe chimachititsa kuti kukhale usana ndi usiku. Ndinabweretsa lalanje kuti likhale dziko lapansi, ndi tochi kuti ikhale dzuwa. Nditamaliza kuzunguza lalanjelo ndinauza ana kuti ajambule zomwe aona, ine n'kukhala pampando kuti ndipumule pang'ono. Podzidzimuka ndinapeza ahedi athu, a Peterson, ataima pakhomo, chikhamu chonse cha ana a sukulu yaulere chili zii ngati pamaliro, tochi ikuyakabe m'manja mwanga. Lalanje panalibe. Wina anali atadya dziko lapansi.

Ahedi sanakalipe. Anangoti, "Pitirizani aphunzitsi, taona kuti mwafika pa gawo la usiku."

Kusukulu akuseka nazo mpaka lero, ndipo ine ndimaseka nawo, poti kuyambira kukoleji ndine munthu wosasowa nthabwala. Koma kalata ino sindikuilemba moseka. Ndili ndi mantha amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndi mantha a mkazi wanga Ennie.

Timakhala ku Area 23 m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Ennie ndi mkazi waphokoso. Asanakhale ndi mwana ankagulitsa kaunjika pamsika wa Chilinde, tsiku lonse ali padzuwa, kuitanira malonda ndi mawu oti ngakhale kondakitala wa minibasi ankamupatsa ulemu. Ndinamukwatira chifukwa ndi yekhayo amene ankabweza nthabwala zanga ndi zina zoposa zangazo.

Mwana wathu woyamba, Jemima, anabadwa masiku asanakwane. Kanali kakang'ono zedi. Kuchipatala anawasungako pang'ono, kenako anawatulutsa, akuti zonse zili bwino, azingomufunditsa ndi kumuyamwitsa pafupipafupi. Apongozi anga, aNambewe, anabwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza pa chikuta, ndipo ndinawalandira ndi manja awiri. Anati adzabwerera mchombo ukagwa. Mchombo unagwa kalekale. Chimanga cha kuseri kwa nyumba, chomwe chinali chofika m'mawondo iwo akubwera, pano chamasula ngayaye. Apongozi akadalipo.

Kuti mumvetse vuto langa, muyambe mwaiona nyumbayo. Khoma logawa zipinda silinafike kudenga. Eni nyumba, a Yona, pokoka magetsi anaika babu limodzi pamwamba penipeni pa khomalo kuti liziwalitsa mbali zonse ziwiri. Swichi yake ili kuchipinda chogona. Kumeneko n'kumene kuli Ennie, mwana ndi apongozi, ndipo mphasa ya apongozi anaiyala pansi penipeni pa swichiyo. Ine ndimagona pabalaza, miyendo itapisidwa kunsi kwa tebulo. Mwambo mukuudziwa: mkamwini salowa pomwe pagona apongozi ake. Ngakhale kuyankhulana maso ndi maso sitichita. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo ine ndili pomwepo. "Ennie, uwauze abambowa kuti makala atha." Ennie n'kutembenuka, "Akuti makala atha." Masiku oyambawo ankanena akudziluma milomo kuti asaseke.

Tsiku lomwe anafika, apongozi anaona kuti zenera la kuchipinda lapenya kanjira kopita kumpopi, kodutsa aliyense. Anati kumudzi umadziwa amene wadutsa ndi komwe wagona, koma m'tauni muno anthu ndi otentha, ndipo kamwana kosakwana masiku sikafuna diso la munthu wachilendo. Anakhomera bulangete lokhuthala pazenerapo. Chitseko chimakhala chotseka. Masana m'chipindamo muli mdima woti ungapunthwe pa beseni. Ennie amatuluka popita kubafa ndi kuchimbudzi pokha, atafunda chitenje kumutu, ndipo kawirikawiri kutayamba kale kuda kuti anthu asamuone.

Kukangoda, apongozi amayatsa getsi, ndipo silizimanso mpaka kucha. Nditatuma Ennie kukafunsa chifukwa chake, anayankha okha kuseri kwa khoma, mokweza kuti ndimve. Anati zoyenda usiku zimaopa kuwala, ndipo iwo kumudzi akanakhala ndi chinthu chotere, sakanaika m'manda makanda awiri. Munthu wotere umamuuza chiyani?

Ndiye kwathu zinthu zatembenuka. Masana ndi usiku, usiku ndi masana. Jemima amagona tsiku lonse ngati wamwa mankhwala, getsi likangoyaka maso gwa, kulira mpaka atambala. Ine kuwalako kumandimenya kumaso ngakhale ndifunde malaya. Ulendo wina ndinatopa nazo, ndinakwera patebulo n'kulipotokola pang'ono babulo. Mdima utangoti bii, apongozi anakuwa kuti, "Abwera! Abwera!" A Yona anatuluka ndi chikwanje, anthu a mzere wonse anadzuka, ine n'kulibwezeretsa msangamsanga ndikupsa zala. Mpaka lero apongozi amati inali ntchito ya anthu oipa, ndipo getsi lawalo ndi lomwe linawathamangitsa.

Zimenezo n'zoseketsa. Izi n'zosaseketsa.

Ennie sakugona. Poyamba ankadandaula kuti tulo sitibwera. Pano sadandaulanso. Usiku amakhala maso ndi mwana, masana mwana akagona iye amangoti ndwii mumdima muja. Chakudya amangochitosa. Kulira kumangomubwerera popanda womuputa. Loweruka masana dzuwa lili pamutu, ndikumupatsira tiyi pakhomo, anandifunsa kuti, "Kodi kunjaku kwacha kapena kwada?" Ndinayesa akuyamba zathu zija, ndinamuyankha mwachipongwe. Sanaseke. Anandiyang'ana ngati munthu wofunsa njira kwa mlendo.

Lamulungu apongozi atapita kukasamba ndinaima pakhomo la chipindacho. Mwana anali kulira pabedi, Ennie atakhala pambali pake, maso ali kukhoma. Ndinati, "Ennie, mwana akulira."

Anati, "Ndamumva. Ndikuopa kumunyamula. Manjawa ndikungowaona ngati si anga."

Kenako anawonjezera motsitsa mawu, "Mwanayu akanakula bwino ndi amayi, ine kulibe."

Aphungu, mawu amenewo akungondilira m'makutu. Ndikakhala m'kalasi, mwana aliyense wothamangira pakhomo ndimayesa wabwera ndi uthenga wa kunyumba.

Apongozi nawo aona kuti mwana wawo sali bwino, ndipo chifukwa chake achipeza kale: ine. Akuti ndi tsempho. Akuti ndikuyenda kwa mkazi wina mwambo wotenga mwana usanachitike, n'chifukwa chake Ennie akuwonda ndipo khanda silikhazikika. Umboni wawo ndi maso anga ofiira, komanso kuti ndimafika mochedwa. Zoona ndimachedwa, chifukwa tikaweruka ndimagonako pabenchi kusukulu. Nkhani ya lalanje ija itafika pamzere pathu, zinangokhala ngati ndasaina ndekha. Anati, "Ennie, uwafunse abambowa, mwamuna wogona pantchito mphamvu zake akumazisiya kuti?" Ennie sanatembenuke kuti andifunse. Anangolira.

Sindinachite chimenecho, Aphungu. Koma apongozi atumiza kale uthenga kwa malume ake a Ennie kuti abwere kumapeto kwa mwezi, adzatenge Ennie ndi mwana kupita nawo ku Dedza kwa asing'anga, ndipo za banja lathu zikakambidwe komweko.

Kodi mkazi wanga akuyamba misala? Kodi babuli likukhudzidwa, kapena ndine munthu wotopa chabe wofuna choloza chala? Mnzanga Godwin akuti pamsika pali timapilitsi ta tulo togwetsa ngakhale ng'ombe, ndimugulire Ennie. Ndichite bwanji, poti swichi ili kumutu kwa munthu amene sindingathe ngakhale kumuyang'ana kumaso?

E.C., Area 23, Lilongwe

*

Kalata iyi sindinaidikiritse tsamba lino. Ndinaiyankha pa positi tsiku lomwe inafika, ndipo lero ndikuisindikiza ndi chilolezo cha mwini wake, chifukwa nyumba zotere m'Lilongwe muno n'zambiri.

Aphunzitsi,

Za lalanje ndaseka, koma tiziike pambali. Mawu amene Ennie ananena Lamulungu aja si odikira kumapeto kwa mwezi, si odikira malume, si odikiranso Loweruka. Mawa m'mawa pemphani ahedi anu akumasuleni, mupite naye kuchipatala pamodzi ndi mwana. Mukafika musakayambe nthabwala zanu. Mukawauze anamwino mawu enieniwo monga momwe mwandilembera ine, ndi za manja zija, ndi za kusadya. Alipo matenda amene amagwira amayi ena akangochira: chisoni chosadziwika kochokera, mantha, kusowa tulo, kudziona wopanda ntchito. Si kulodzedwa, si ulesi, ndipo si misala yoyenda n'kutola zinyalala imene mukuiopayo. Amachizika, koma amakula akabisidwa m'chipinda. Mukapemphenso kuti akamuyeze magazi ndi malungo. Jemima akamukweze sikelo, ndipo akamuone maso ndi khungu poyera, chifukwa mumdima kapena pansi pa babu lachikasu simungadziwe ngati khanda lili ndi chikasu. Kuyambira lero Ennie asatsale yekha, ngakhale apongozi apite kukasamba.

Tsopano za babu. Simukulota ayi. Thupi la munthu lili ndi wotchi yakeyake, ndipo chimene chimaikonza tsiku ndi tsiku ndi kuwala kolowa m'maso. Kuwala kwa m'mawa kumauza thupi kuti dzuka, idya, gwira ntchito. Mdima ukagwa, ubongo umatulutsa timadzi tina toitana tulo. Getsi lowala usiku limachedwetsa timadzi timeneto, ndipo mdima wa masana umasiya thupi losadziwa kuti tsiku layamba liti. Ennie wakhala zaka ali padzuwa la pamsika, lero mwamutsekera m'phanga masana n'kumuyatsira dzuwa labodza usiku. Funso lake lija, loti kwacha kapena kwada, linali funso loona. Thupi lake silikudziwadi. Munthu akakhala nthawi yaitali osagona bwino, mtima umagwa, chilakolako cha chakudya chimathawa, maganizo amasokonekera. Komabe musamve ngati ndanena kuti babu lokha ndiye matenda onse. Likuwonjezera moto, koma kulizimitsa sikulowa m'malo mwa chipatala.

Jemima yekha musamudandaule kwambiri. Khanda limabadwa losadziwa usana ndi usiku, limaphunzira m'miyezi yoyambirira poona momwe pakhomo pakuyendera. Wanuyo waphunzira msanga, ndi mwana wa mphunzitsi, kungoti mwamuphunzitsa chadodolido.

Choti muchite n'chosavuta kunena. Bulangete lichoke pazenera. M'malo mwake muike nsalu yopepuka yoyera, yolowetsa kuwala koma yosalowetsa maso a anthu a kumpopi. Dzuwa likangotuluka, Ennie atuluke akakhale panja, amwere tiyi komweko, tsiku lililonse, ngakhale kuchite mitambo. Ngati apongozi akuopa odutsa, kuseri kwa nyumba kuli chimanga chanu chija, chikhala mpanda. Mwana akhale pamthunzi atafundidwa bwino, osamuyanika padzuwa. Masana musamanong'onezane, wailesi ilire, mbale zigundane. Kukada, mukatha kudya, getsi lizime. Poyamwitsa gwiritsani nyali ya galasi, chingwe mutachitsitsa kwambiri, mutaiika pansi kutali ndi zofunda. Koloboyi ayi, utsi wake si wa m'chifuwa cha khanda. Usiku apongozi azimubweretsa mwana kwa mayi ake kudzayamwa, akakhuta azimutenga iwo kuti Ennie apeze tulo totalikirapo. Musayembekeze kuti zisintha tsiku limodzi. Thupi limabwerera pang'onopang'ono, ndipo masiku oyamba mwina mudzayesa zikuipiraipira.

Inunso benchi ya kusukulu muisiye. Mukaweruka lunjikani kunyumba, mukachape matewera poyera pomwe apongozi akuonani. Zikuthandizani kugona usiku, ndipo umboni wina wa tsempho uthera pomwepo.

Chovuta ndi aNambewe, ndipo apa mumve bwino. Mayi ameneyo si mdani wanu. Anaika makanda awiri, ndipo akulondera lachitatu ndi zida zomwe ali nazo. Musakwerenso patebulo. Musawatumizirenso Ennie mafunso, alibe mphamvu zonyamula mawu a anthu awiri. Pezani mayi wachikulire amene iwo angamumvere, kaya ndi akazi a eni nyumba, kaya ndi amayi a kutchalitchi kwanu, mumufotokozere zonse, akakhale nawo pamphasa. Akawakumbutse kuti Ennie amene ali moyoyu anamulera kumudzi, komwe usiku kumada ndithu ndipo m'mawa chitseko chimatsekulidwa. Kuchipatala mupite nawo apongoziwo, akamve ndi makutu awo. Nyali ija muwapatse iwo kuti aziisamala. Munthu wamantha sumulanda kuwala konse, umamusiyirako koti agwire.

Za tsempho, mayendedwe anu mukuwadziwa ndinu, ine kunalibe. Ngati muli oyera musakangane nawo. Malume akabwera alandireni bwino, ankhoswe anu akhalepo. Koma munene mwaulemu ndi mosabwerera m'mbuyo kuti Ennie sakwera basi ya ku Dedza achipatala asanamuone ndi kunena kuti angathe kuyenda.

Mapilitsi a Godwin asalowe m'nyumba mwanu. Ennie akuyamwitsa, zomwe wamwa iye zimafika kwa mwana, ndipo munthu amene wanena mawu aja sasiyidwa pafupi ndi mankhwala otere. Chomaliza: mukadzamva Ennie akuti akumva mawu a anthu omwe palibe, kapena akuona zinthu zomwe inu simukuziona, kapena akufuna kudzipweteka kapena kupweteka mwana, musadikire kuche. Dzutsani a Yona, pezani galimoto. Ngati njira yofikira mkazi wanu ili yolumpha mphasa ya apongozi, ilumpheni. Nkhuku yopepesera mudzaigula pambuyo.

Aphungu

*

Patapita nthawi ndinalandira kakalata aka.

Aphungu,

Tinapita. Akazi a a Yona ndi amene anakhala pamphasa ndi apongozi, ndipo anatenga masana onse. Kuchipatala anapeza kuti Ennie magazi achepa, komanso matenda a chisoni munanena aja alipo. Akulandira thandizo ndipo timabwererako. Jemima alibe chikasu, akukwera sikelo. Sindikunamizani kuti zonse zatha. Masiku ena Ennie amaliranso, ndipo ine ndimadzidzimukabe mwana akathamangira pakhomo la kalasi. Koma akugona, akudya, ndipo dzana ndinamumva kuseri kwa nyumba akukalipira wogulitsa makala kuti thumba lake ndi la mpweya.

Malume anabwera, anadya, anamuyang'ana Ennie atakhala padzuwa mwana ali pamiyendo, anabwerera okha. Apongozi sanabweze mawu a tsempho. Akuti chachiritsa mwana wawo ndi kamtsitsi komwe anamangirira Jemima m'chiuno. Sindinatsutse.

Apongoziwo anyamuka dzulo. Anatsanzika katatu m'sabata imodzi, kawiri konse n'kumasulanso katundu, koma dzulo chimanga cha kumudzi chinawaitana ndithu. Tinawaperekeza pa siteji, bulangete lawo lija ndili nalo pamutu. Minibasi itaima anakwera, anakhala pazenera, anayang'ana kumbali monga mwa mwambo, nati:

"Ennie, uwauze abambowa kuti getsi lija azizimitsa usiku. Mwana sagona nalo."

Ennie anatembenuka, nkhope ili gwa ngati woweruza milandu, nati, "Akuti getsi muzizimitsa." Kenako anadziluma milomo, koma sizinatheke. Anaseka mpaka kondakitala anasiya kuitanira anthu n'kumuyang'ana.

Minibasi inanyamuka.

E.C., Area 23, Lilongwe